Mmene mungakonzere ukwati wa Myuda ndi Mkhristu mothandizidwa ndi rabi

Funso ili limabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa abale athu a ku Johannesburg, Cape Town, London, Manchester ndi America: "Ine ndine Mkhristu, mnzanga ndi Myuda, tagwirizana zomanga banja. Kodi rabi ndi abusa angaime limodzi kutsogolo?" Zimatheka, koma si rabi (mphunzitsi ndi mtsogoleri wa chipembedzo cha Chiyuda) aliyense amene angavomere, si dziko lililonse limene lamulo lake limalola, ndipo si tsiku lililonse. Ambiri amafunsa atalipira kale holo ya Loweruka masana ndi kusindikiza makadi. Mwambo weniweniwo ndi waufupi, mphindi 30 mpaka 45. Chimene chimafuna miyezi ndi nkhani ya ana komanso mawu amene adzanenedwe pa tsikulo, ndipo pa ziwirizi ndi pamene tikhalitse.

1. Pezani rabi musanasankhe tsiku

Chiyuda chili ndi nthambi, ndipo yankho la rabi limatsata nthambi yake. Arabi a Orthodox samangitsa ukwati wa Myuda ndi munthu amene si Myuda. A Conservative, amene ku Britain amatchedwa Masorti, nawonso bungwe lawo la Rabbinical Assembly siliwalola. Akakukanani musaganize kuti akukunyozani. M'malamulo a Chiyuda, otchedwa halakha, ukwati ndi pangano la anthu awiri amene onse ali pansi pa chilamulocho, choncho rabi woteroyo saona chimene angamange.

Khomo lili kwa arabi a Reform, Liberal, Progressive ndi Reconstructionist, ndi ena oima paokha. Ku America rabi wa Reform aliyense amasankha yekha, ndipo bungwe la 18Doors limalumikiza anthu ndi arabi ovomera maukwati otere ku America ndi Canada. Ku Britain arabi a Liberal amadalitsa mabanja otere, ndipo kuyambira 2020 analoledwa kutero pansi pa chuppah, nsalu yokwezedwa pa mitengo imene akwati amaima pansi pake, ngati awiriwo akufuna kusunga nyumba ya Chiyuda. Ku South Africa masunagoge ambiri ndi a Orthodox, choncho yambirani ku a Progressive.

Pokumana koyamba, pitani nonse awiri ndipo funsani izi mosapita m'mbali. Kodi amamangitsa yekha basi, kapena amalola kuima limodzi ndi wansembe kapena m'busa? Arabi ambiri ovomera choyambacho amakana chachiwiri. Kodi amafuna lonjezo loti ana adzaleredwa m'Chiyuda? Kodi mudzayenera kuchita maphunziro oyamba a Chiyuda, ndipo ndi a masabata angati? Kodi angalowe m'tchalitchi? Kodi dzina la Yesu lingatchulidwe iye ali pomwepo? Kodi boma limamulola kusayina chikalata cha ukwati wanuwo? Mufunsenso za malipiro ndi za ulendo, ndi kuti mudzakumana kangati tsikulo lisanafike.

Samalani ndi anthu awiri. Woyamba ndi wodzitcha rabi amene anagula udindowo pa intaneti. Mufunseni kumene analandira semikha, kutanthauza kudzozedwa kwa urabi, ndipo dzina la sukuluyo muliuze banja la mnzanuyo. Wachiwiri ndi "rabi" wa Messianic, amene amakhulupirira Yesu. Kwa inu Akhristu angaoneke ngati yankho la vuto lonse, koma palibe nthambi ya Chiyuda imene imamuwerengera ngati rabi, ndipo apongozi anu adzaona ngati mwawatchera msampha.

Ena amaganiza zongolowa Chiyuda kuti zinthu ziphweke. Kulowa Chiyuda kumatenga chaka kapena kuposa, munthu amakaonekera pamaso pa bwalo la anthu atatu lotchedwa beit din, amamizidwa m'madzi a mikveh, dziwe la mwambo woyeretsa, mwamuna kawirikawiri amadulidwa, ndipo amasiya kukhulupirira kuti Yesu ndi Mesiya. Si chinthu chochitira apongozi. Chimodzimodzi musakakamize mnzanuyo kubatizidwa kuti akulu a mpingo asangalale.

2. Pitani ku mpingo wanu mlungu womwewo

Ngati ndinu Mkatolika, lankhulani ndi bambo mfumu pasanatsale miyezi 6. Pali zilolezo ziwiri zochokera kwa episkopi wa dayosizi imene mukukhala. Choyamba ndi chokwatirana ndi munthu wosabatizidwa. Popanda ichi Mpingo suwerengera kuti pali ukwati. Chachiwiri chimafunika ngati ukwati sudzamangidwa ndi wansembe kapena dikoni, monga pamene rabi kapena ofesala wa boma ndiye adzalandire malonjezo anu. Amene amalemba mapepalawa ndi bambo mfumu, osati inu.

Lamulo limene ambiri salidziwa ndi ili: Mpingo wa Katolika sulola kuti malonjezo a ukwati achitike kawiri m'miyambo iwiri ya chipembedzo, kapena kuti wansembe ndi rabi aliyense afunse malonjezo mwa njira yake pa mwambo umodzi. Wolandira malonjezo ndi mmodzi. Winayo akhoza kuwerenga, kupemphera ndi kudalitsa. Gwirizanani msanga kuti ndani, chifukwa mapepala a kwa episkopi amadalira yankho limenelo. Ukwati wotere suchitikira mu Misa, ndipo lamulo limalola kuti uchitikire malo ena oyenera osati m'tchalitchi mokha. Mudzafunikanso kalata yatsopano ya ubatizo, yosapitirira miyezi 6, yochokera ku parishi kumene munabatizidwa. Ngati parishiyo ili ku Dedza kapena ku Chipata inu muli ku Leeds, tumani m'bale lero lomwe.

Ku CCAP, Anglican, Baptist, Adventist ndi mipingo ya Pentekoste, zimadalira malamulo a mpingowo ndi abusa ake. Konzekani kumva 2 Akorinto 6:14, za kumangidwa m'goli limodzi ndi osakhulupirira. Abusa akakana kuima ndi rabi, afunseni ngati angachititse pemphero lothokoza tsiku lina, ndiponso ngati ukwatiwu ukhudza kudya kwanu Mgonero. Ndi bwino kumva yankho lowawa tsopano kusiyana ndi kudzalimva mutalengezetsa kale.

3. Malizani nkhani ya ana musanapite patsogolo

Apa ndi pamene ambiri amalumpha, ndipo apa ndi pamene mabanja amadzagwedezeka. Rabi angakupempheni kulonjeza kuti ana adzakhala Ayuda. Bambo mfumu adzapempha Mkatolikayo kulonjeza kuti adzachita zonse zimene angathe kuti ana abatizidwe ndi kuleredwa m'Chikatolika. Myudayo salonjeza kanthu, amangouzidwa za lonjezolo. Pali anthu amene amavomera kwa rabi Lachiwiri, n'kukavomeranso kwa bambo mfumu Lachinayi, poganiza kuti adzaona mwana akabadwa. Musatero. Mwanamiza anthu awiri amene akufuna kukuthandizani, ndipo mwana wamwamuna akabadwa mudzakhala ndi masiku 8 okha. Mdulidwe wa Chiyuda, brit milah, umachitika tsiku lachisanu ndi chitatu ndi katswiri wotchedwa mohel, mayi asanapeze n'komwe mphamvu. Imeneyo si nthawi yoyambira mkangano wa ubatizo, agogo a mbali zonse ali pa foni.

Dziwani kaye mmene Ayuda amawerengera. Kwa a Orthodox ndi a Conservative, mwana ndi Myuda ngati mayi ake ndi Myuda, basi. Achewa izi sizingatidabwitse, poti nafenso mbumba imatsata kwa mayi. Bambo akakhala Myuda mayi ali Mkhristu, nthambi ziwirizi sizimuwerengera mwanayo pokhapokha atalowetsedwa m'Chiyuda. A Reform a ku America anagamula mu 1983 kuti mwana wa kholo limodzi la Chiyuda, kaya bambo kaya mayi, ndi Myuda ngati waleredwa m'Chiyuda poyera, ndipo a Liberal a ku Britain amaona chimodzimodzi. Koma mwana wobatizidwa amene akuphunzira katekisimu, masunagoge ambiri ngakhale a Reform salola kuti aphunzirenso za bar mitzvah kapena bat mitzvah, mwambo wa kukula wa zaka 13, kapena 12 kwa atsikana m'nthambi zina.

Kumudzi nakonso kuli mawu ake. Kumene kumaperekedwa malowolo, monga kwa Atumbuka ndi Angoni a ku Mzimba, ana ndi a kuchimuna. Kwa Achewa, Amang'anja ndi Ayao mwini mbumba ndi malume. Ngati mayi ndi Myuda ndipo inu bambo ndinu wa ku Mzimba, mbali zonse ziwiri zidzati mwana ndi wawo, aliyense potsata mwambo wake. Ngati bambo ndi Myuda wa ku banja la Orthodox ndipo mayi ndinu Mchewa, kwawo kwa bamboyo mwina sadzamuwerengera, ndipo zimenezi zimapweteka mwamuna amene ankayembekezera mwana wake pa tebulo la Pasaka wa Ayuda ngati Myuda mnzake.

Njira zilipo zitatu: ana a Chiyuda odziwa ndi kulemekeza chikhulupiriro cha kholo linalo, ana a Chikhristu odziwa ndi kulemekeza Chiyuda, kapena kuwaphunzitsa zonse ziwiri. Yachitatu imamveka yachilungamo ndipo mabanja ena amaikwanitsa, koma imafuna ntchito yowirikiza ndipo arabi ambiri amaikana. Kunena kuti "adzasankha okha akakula" kawirikawiri kumabala mwana wosadziwa kalikonse, kapena woona ngati akusankha pakati pa mayi ndi bambo. Maganizo athu ndi akuti musankhe nyumba imodzi ya chipembedzo ya ana, ndipo kholo linalo lisabise chikhulupiriro chake kapena kuchita nacho manyazi.

Kholo limene likulolera linene zimene likutaya, mokweza, mnzake akumva. Mayi wa Chikhristu amene sadzaona mwana wake akubatizidwa ali ndi chisoni chenicheni, ndipo bambo wa Chiyuda amene agogo ake anapulumuka ku Europe ndi chikhulupiriro chawo ali nachonso. Kenaka lembani papepala zing'onozing'ono zimene zimadzakula: mtanda pakhoma, mezuzah (kabokosi ka mavesi a Chiheberi) pa mphuthu ya chitseko, mtengo wa Khirisimasi, nyama ya nkhumba mufiriji, makandulo a Lachisanu madzulo, ndani adzapita ndi ana kuti Lamulungu m'mawa. Kambiranani ngakhale za maliro. Ayuda amaika maliro mwamsanga, manda a Orthodox salandira munthu amene si Myuda, pamene kwathu achibale adzafuna thupi libwere kumudzi. Zimene mwagwirizanazo mukauze rabi ndi abusa mofanana, liwu ndi liwu. Mmodzi akakana chifukwa cha zimenezo, funani wina.

4. Siyanitsani za boma ndi za chipembedzo

Ketubah, chikalata cha pangano la ukwati wa Chiyuda, si chikalata cha boma. Ku England ndi Wales, lamulo la Marriage Act 1949 limalola ukwati wa mwambo wa Chiyuda pokhapokha onse awiri ali Ayuda, choncho rabi sangakulembetseni. Mumalembetsa ku register office, kumene simuloledwa pemphero kapena nyimbo ya chipembedzo, kenaka madalitso a rabi n'kutsatira padera. Chidziwitso cha ukwati chimaperekedwa ku ofesiyo masiku osachepera 29 ukwati usanachitike, ndipo akhoza kufika 70 ngati mmodzi ali pa visa. Mkatolika auze bambo mfumu za dongosolo limeneli kuti chilolezo cha episkopi chikhudze ukwati wa ku ofesiwo. Ku South Africa wosayina ayenera kukhala wovomerezedwa ndi Home Affairs, ndi mboni ziwiri. Ku America mumatenga laisensi ku ofesi ya county, ndipo nthawi imene laisensiyo imakhala ikugwira ntchito imasiyana malinga ndi state. Ku Israel kulibe ukwati wa ku boma, ndipo Myuda ndi Mkhristu sangamangitsire kumeneko. Ambiri amakakwatirana kunja, monga ku Cyprus, n'kudzalembetsa pobwera.

5. Tsiku ndi malo

Ife tinazolowera ukwati wa Loweruka. Kwa Ayuda limenelo ndi Sabata, kuyambira dzuwa likamalowa Lachisanu mpaka nyenyezi zitaoneka Loweruka, ndipo arabi ambiri samangitsa ukwati m'maola amenewa. Loweruka usiku n'kotheka, koma onani nyengo: mu Juni ku Johannesburg Sabata limatha cha m'ma 6 koloko madzulo, pamene ku London limatha itadutsa 10 koloko usiku. Chosavuta ndi Lamulungu masana, Akhristu atapemphera kale m'mawa.

Chotsaninso masiku opatulika a Chiyuda: Rosh Hashanah, Yom Kippur ndi Sukkot mu Seputembala kapena Okutobala, Pasaka wa Ayuda mu Malichi kapena Epulo, ndi Shavuot mu Meyi kapena Juni. Ambiri amapewanso masabata a Omer pakati pa Pasaka ndi Shavuot, kupatula tsiku la 33 lotchedwa Lag BaOmer, komanso masabata atatu a chisoni othera pa Tisha B'Av, cha mu Julayi kapena Ogasiti. Masikuwa amasuntha chaka ndi chaka, choncho mupatseni rabi masiku atatu asankhepo. Kwa Akatolika, Lachisanu Loyera ndi Loweruka Loyera kulibe ukwati, ndipo mu Lenti chikondwerero chimachepetsedwa.

Malo abwino ndi apakati: munda, holo, hotela. M'tchalitchi pansi pa mtanda achibale ena a Chiyuda sadzalowa, ndipo masunagoge ambiri salola m'busa kutsogolera.

6. Lembani mawu onse, mzere ndi mzere

Pa ukwati wa Chiyuda, mwamuna poveka mphete amanena m'Chiheberi kuti mkaziyo wapatulidwa kukhala wake "monga mwa chilamulo cha Mose ndi Israeli". Mkhristu sali pansi pa chilamulo chimenecho, choncho arabi ambiri amachotsa mawuwa n'kuikapo Nyimbo ya Solomo 6:3, "Ani l'dodi v'dodi li", kunena kuti ine ndine wa wokondedwa wanga ndipo iye ndi wanga, kapena mawu a kutomerana a mu Hoseya 2. Dalitso loyamba la chitomero, limene limakamba za kupatulidwa kwa Israeli, nalonso amalisintha kapena kulisiya. Rabi akusonyezeni zimene wasintha, ndi tanthauzo la mzere uliwonse wa Chiheberi umene mudzanene. Musalumbire mawu amene simukuwamva.

Chovuta kwambiri ndi dzina la Yesu. Kwa mayi anu amene aimba kwaya zaka 40, pemphero losathera "m'dzina la Yesu" ndi ngati kumukana Ambuye pamaso pa anthu. Kwa apongozi anu a Chiyuda, dzina lomwelo linali pakamwa pa anthu amene anathamangitsa Ayuda ku England mu 1290 ndi ku Spain mu 1492, ndi kuwabatiza mokakamiza. Ndipo Ayuda 6 miliyoni anaphedwa ku Europe kumene anthu ambiri anali obatizidwa. Akauzidwa kuti "tiyeni tonse tiweramitse mitu m'dzina la Yesu" sangathe kuyankha ameni, ndipo amakhala ngati alendo pa ukwati wa mwana wawo. Onse awiri akunena zoona za mumtima mwawo. Musapeputse mbali iliyonse.

Njira zimene zimagwira ntchito ndi izi. Mapemphero onenedwa m'malo mwa anthu onse apite kwa Mulungu, Mlengi, Ambuye, mawu amene onse angavomereze. Ngati rabi walola, abusa atchule Yesu kamodzi polankhulira iwo eni ndi banja la Chikhristu, monga kunena kuti "ife a banja la mkwatibwi, amene timatsata Yesu, tikudalitsa ana athuwa", osati kulumbiritsa khamu lonse. Ikani mphindi imodzi ya chete kuti aliyense apemphere mwa njira yake. Ndipo pemphero lathunthu la Chikhristu, ndi nyimbo zake zonse, lipatseni malo ake enieni pa chinkhoswe kapena pa mapemphero othokoza, kumene Myudayo adzabwera akudziwa kuti ndi mlendo wolemekezeka. Pa mwambo wa onse pasakhale Mgonero, kuitanira anthu kutsogolo kuti alandire Yesu, kapena kugwaditsa Myudayo.

Pali china chimene olankhula Chichewa tiyenera kusamala nacho mwapadera. Ayuda satchula dzina la Mulungu la zilembo zinayi. Powerenga amati Adonai, pocheza amati HaShem. Buku Lopatulika limalemba kuti Yehova, ndipo nyimbo zambiri za kwaya zimatero. Sankhani mawu a mu Buku Loyera, limene limati Chauta, kapena wowerenga anene kuti Ambuye, ndipo onani nyimbo za kwaya imodziimodzi. Pa pulogalamu yosindikiza musalembe dzinalo m'Chiheberi, chifukwa mapepalawo amathera pansi ndi m'bini. Polengeza, nenani kuti "Malemba a Chiheberi" kapena dzina la bukulo, osati "Chipangano Chakale".

Mavesi oyenera onse ndi Genesis 2:18-24, Mlaliki 4:9-12, Salimo 128 ndi Nyimbo ya Solomo 8:6-7. Kuchokera ku Chipangano Chatsopano, 1 Akorinto 13:4-8 imalandirika chifukwa imakamba za chikondi popanda kutchula dzina la Yesu. Aefeso 5 isiyeni. Rute 1:16 imakoma kumva, koma Ayuda amaimva ngati mawu a munthu wolowa Chiyuda, choncho musaigwiritse ntchito ngati palibe akulowa. Potseka, dalitso la Numeri 6:24-26 ndi la onse: rabi anene mzere m'Chiheberi, abusa abwereze m'Chichewa kapena m'Chingerezi. Nyimbo yotchuka yolowera mkwatibwi ya Richard Wagner ipeweni, poti mwini wakeyo ankadana ndi Ayuda poyera.

Rabi ndi abusa alankhulane okha, ngakhale pa foni, ndipo pasanatsale masabata 4 aliyense aone mawu onse a mnzake, ulaliki womwe. Ulaliki usapitirire mphindi 5 aliyense.

7. Ndondomeko ya mwambo ndi zipangizo zake

Theka la ola mwambo usanayambe mumasayina ketubah, chikalata cha pangano la ukwati. Yachikale ili m'Chiaramu ndipo si ya ukwati ngati wanu. Pali zolembedwera mabanja a zipembedzo ziwiri. Rabi avomereze mawu ake ndi kalembedwe ka mayina m'Chiheberi isanasindikizidwe, ndipo muiitanitse pasanatsale miyezi 3. Mboni ndi ziwiri, ndipo mwa mwambo sizikhala achibale. Ankhoswe anu, poti ndi achibale, mwina sangakhale mboni. Pemphani mizere yowonjezera kuti nawonso asayine, ndipo afotokozereni msanga kuti asaone ngati achotsedwa paudindo. Ena amatsatiza bedeken, pamene mkwati amaphimba mkwatibwi ndi velo atamuona nkhope, pokumbukira Yakobo amene anapatsidwa Leya m'malo mwa Rakele.

Polowa, mkwati amaperekezedwa ndi bambo ndi mayi ake, mkwatibwi chimodzimodzi, ndipo makolo onse amaima pambali pa chuppah. Chuppah, imene imatchulidwa ngati "hupa", ndi nsalu yokwezedwa pa mitengo inayi, yotseguka mbali zonse, chizindikiro cha nyumba yatsopano. Ikhale pafupifupi mamita 2 mbali iliyonse, kutalika kopitirira mamita 2, kuti anthu anayi ndi katebulo akwanemo. Nsalu ikhoza kukhala tallit, chofunda cha pemphero, kapena chitenje cha agogo chosokedwa bwino m'makona. Ngati muli panja, mitengo igwiridwe ndi anthu anayi, awiri a banja lililonse, kapena izikidwe m'ndowa za mchenga, chifukwa mphepo imaigwetsa. Kwa Ayuda mkwatibwi amaima kudzanja lamanja la mkwati, kutchalitchi amaima kumanzere. Sankhani, muuze wojambula.

Kenaka pali kuzungulirana ka 7, kumene ambiri lero amagawana: katatu mkazi, katatu mwamuna, kamodzi limodzi. Pamabwera dalitso la vinyo, malonjezo, mphete, kuwerenga ketubah, ndi Sheva Brachot, madalitso 7 amene mungagawire achibale a mbali zonse kuti awerenge m'zinenero zawo. Mphete ikhale yosalala, yopanda miyala. Imavekedwa kaye pa chala cholozera cha dzanja lamanja, n'kusunthidwa pambuyo pake. Vinyo akhale wa kosher, kutanthauza wololedwa ndi malamulo a Chiyuda a zakudya, ndiponso woyera, kuti akadonthera diresi asaoneke. Ngati simumwa, madzi a mphesa a kosher ali ndi dalitso lomwelo. Rabi anene poyera kuti chikhochi ndi cha chimwemwe, si Mgonero.

Pomaliza mkwati, kapena onse awiri, amaswa tambula ndi phazi, kukumbukira kugwetsedwa kwa Kachisi wa ku Yerusalemu m'chaka cha 70, ndipo anthu amafuula "Mazal tov!" Tambula ikhale yopyapyala, yokulungidwa m'nsalu yokhuthala, yoikidwa pa thabwa kapena simenti. Pa kapinga imangolowa pansi osasweka. Pondani ndi chidendene cha nsapato yolimba. Achibale ochokera kumudzi akhoza kuona kuswa chinthu pa ukwati ngati malodza, choncho tanthauzo lake linenedwe isanaswedwe, ndipo nthungululu zilowe pomwepo. Atatuluka, awiriwo amakhala okha m'chipinda mphindi 10 kapena 15, mwambo wa yichud. Ikanimo chakudya pang'ono ndi munthu pakhomo. Pakhomo la holo ikani dengu la tizipewa ta kippah ta amuna, ndi kachikwangwani konena ngati kuvala n'kofunika kapena n'kwa ofuna.

8. Chakudya, gule ndi maikolofoni

Funsani banja la Chiyuda kuti ndi angati amasunga kosher, ndipo mpaka pati. Nkhumba ndi nkhanu zisapezeke. Nyama sisakanizidwa ndi za mkaka, kutanthauza kuti keke ya batala kapena ayisikilimu pambuyo pa nkhuku ndi vuto. Mbuzi ndi ng'ombe ndi zololedwa pokhapokha zitaphedwa ndi shochet, katswiri wopha nyama mwa mwambo wa Chiyuda. Ya halal si kosher. Nsomba iyenera kukhala ndi mamba ndi zipsepse: chambo ndi usipa zili bwino, mlamba ndi kampango ayi. Njira yotsika mtengo ndi phwando la nsomba ndi zamasamba, ndipo nsima, mpunga, nyemba ndi ndiwo zotendera zimalowa bwinobwino. Osunga kwambiri aitanitsireni chakudya chomata chochokera kwa ophika ovomerezedwa ndi Beth Din, bwalo la arabi, chiperekedwe chisanamatulidwe, ndi mafoloko ake. Chakudya chimayamba ndi dalitso la buledi wa challah, ndipo mkulu wa mbali ya Chikhristu angathokoze Mulungu motsatira zimene munagwirizana pa sitepe 6.

Pa gule wa hora akwati amanyamulidwa pa mipando. Konzani mipando iwiri yolimba, ya mikono, yosapindika, ndi anthu amphamvu osachepera anayi pa mpando uliwonse. Perekaniperekani ndi yachilendo kwa Ayuda, amene amapereka mphatso mu envelopu, kawirikawiri m'ziwerengero za 18, 36, 180, poti 18 amaimira moyo. Auzeni pasadakhale, muwakonzere ndalama zing'onozing'ono, ndipo nthawi yake isapitirire mphindi 30 kapena 40. Za chinkhoswe ndi malowolo zikambidwe miyezi ingapo m'mbuyo, ndipo mkwati wa Chiyuda mumupezere munthu wamkulu wodziwa mwambo woti amuimire ngati nkhoswe.

Mwambo wokonzedwa bwino umatha kuonongeka pa phwando, amalume akalandira maikolofoni n'kuyamba kupempherera kuti mkamwini adzaone kuwala. Khalani nawo pansi pasadakhale, mwaulemu, pamodzi ndi woyendetsa mwambo, muwauze zimene munagwirizana ndi chifukwa chake. Nayenso mnzanuyo achite chimodzimodzi ndi abale ake. Achibale ena a Orthodox sadzabwera ku mwambo chifukwa cha chikumbumtima, ena adzabwera ku phwando kokha. Atumizireni kadi, musawaumirize, ndipo musawerengere kuti udani wayamba.

9. Mlungu womaliza

Yesererani pamalo penipenipo, rabi ndi abusa alipo, ndi onyamula chuppah, owerenga madalitso ndi kwaya. Mkhristu amene adzanene Chiheberi alembe mawuwo m'zilembo zathu pa kakhadi, ndipo rabi adzawatchula pang'onopang'ono kuti abwereze. Sindikizani pulogalamu yofotokoza chinthu chilichonse m'mizere iwiri, m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Munthu mmodzi, wodziwika ndi dzina, asunge bokosi la zipangizo: ketubah ndi cholembera cha inki yosafufutika, zikho ziwiri, vinyo ndi chotsegulira, tambula yokulungidwa ndi ina yapadera, mphete, tizipewa, ndi mapepala a boma ndi a kwa episkopi. Yemweyo ndiye achotse ketubah pa tebulo mwambo ukangotha, aibwezere m'chikwama chake anthu asanayambe kunyamula zakumwa.